Khonde langa lang'ambika mwezi usanathe

Funso: Mu Okutobala ndinathira konkire pakhonde la nyumba yanga, koma mwezi usanathe panabuka ming'alu. Mmisiri akuti simenti inali yabodza. Kodi zimenezi n'zoona? Mayi wa ku Area 25, Lilongwe.

Yankho: Mayi, simenti yowonongeka ilipo ndithu, makamaka imene yakhalitsa pachinyontho mpaka kuundana mibulu m'thumba, koma kawirikawiri simenti imangonamiziridwa. Ine ndikukayikira madzi.

Anthu ambiri amayesa kuti konkire amalimba chifukwa chouma, pamene zoona zake n'zakuti simenti imalimba pogwirana ndi madzi, ndipo pamapita masiku 28 kuti ifike pa mphamvu yake yoyenera. Dzuwa la Okutobala kuno ku Lilongwe likamwa madzi a pamwamba m'kati musanagwirane, pamwambapo pamakokana n'kuchita ming'alu, monga mmene makande a kudambo amachitira m'chilimwe. N'chifukwa chake konkire watsopano ayenera kuthiriridwa m'mawa ndi madzulo kwa masiku osachepera 7, atafunditsidwa masaka onyowa kapena pulasitiki. Kumalo kumene madzi amachita kugula pamgolo, ntchito imeneyi ndi imene imayamba kunyalanyazidwa.

Komabe madzi omwewo amawononga akachuluka pokanda. Anyamata othandiza mmisiri amakonda konkire wonga phala chifukwa salemera pafosholo, koma madzi owonjezerawo akachoka amasiya timphako m'kati. Pa khonde, muyeso wodziwika ndi ndowa 1 ya simenti, 2 za mchenga ndi 4 za kwale, ndipo ndowayo ikhale imodzimodzi.

Mchenga nawonso muuyese. Thirani wodzaza dzanja m'botolo la madzi, mukhutchumule, kenako mulisiye usiku wonse. Mukapeza matope ochindikala atakhala pamwamba pa mchengawo, dziwani kuti akugulitsani wosakanikirana ndi dothi.

Pothiranso, mmisiri asinje pansi bwinobwino, ndipo adule mizere pa mamita 3 aliwonse kuti konkire akamakokana ang'ambikire mmenemo.

Ming'alu yopyapyala ngati tsitsi imangonyansa m'maso, ndipo mukhoza kuimata. Koma ngati mng'alu ukukulirakulira, mbali imodzi yatitimira, kapena wakwera khoma mpaka chitseko chayamba kuvuta kutseka, vuto lili m'maziko, ndipo muitane injiniya adzaone mvula isanayambe.