Mtsikana wa ku Boulder Canyon: zaka 55 m'manda opanda dzina

Sabata yatha mayi wina amene amawerenga zolemba zanga ananditumizira imelo. Funso lawo linali lalifupi: "Achimwene, ndimaona magulu a pa Facebook akulimbana ndi nkhani za mitembo yosadziwika ku America. Kodi alipo munthu wamba amene anapezadi dzina la malemu, kapena ndi miseche chabe?"

Amayi, alipo. Koma ndilole ndikufotokozereni nkhani imodzi kuyambira pachiyambi, chifukwa mmene inayendera si mmene anthu ambiri a m'magulu aja amaganizira.

Pa 8 April 1954, anyamata awiri ophunzira pa yunivesite ya Colorado ankayenda m'chigwa cha Boulder Canyon ku Colorado, m'dziko la America, pomwe msewu umakhotakhota pakati pa mapiri motsatira mtsinje wa Boulder Creek. Kumunsi kwa msewuwo, m'mphepete mwa madzi, anaona mtembo wa mtsikana wovulazidwa koopsa, wopanda chovala kapena chilichonse chomudziwitsa. Nyuzi zinalemba, apolisi anafunsa uku ndi uku, koma palibe anabwera kudzati ndi mwana wanga. Anthu a m'tauni ya Boulder anasonkha ndalama n'kumuika ku manda a Columbia Cemetery, pamwala n'kulembapo "Jane Doe", dzina limene kumeneko amapatsa mkazi aliyense wosadziwika. Apa pokha ndimawavulira chipewa: maliro a mlendo anawalira ngati a mwana wa pamudzi.

Patapita zaka zoposa 40, mayi wina wolemba mbiri ya deralo, Silvia Pettem, anachita chidwi ndi mwala uja. Sanali wapolisi. Ntchito yake inali yotopetsa: kuvundukula nyuzi zakale, kulembera makalata anthu okalamba, kubwerera kwa akuluakulu a polisi kangapo konse mpaka atavomera kutsegulanso nkhaniyo. Anthu anasonkhanso ndalama, ndipo mu 2004 mtembo unafukulidwa kuti atengepo DNA, chizindikiro cha m'thupi chimene chimasonyeza chibale. Katswiri wina woumba, Frank Bender, anaumba nkhope ya mtsikanayo potengera chigaza chake.

Tsono mvetserani apa, amayi, chifukwa ndi pamene pagona yankho langa. Kwa nthawi yaitali ofufuzawa ankakhulupirira kuti amupeza mwini mtembo. Panali mayi wina amene ankakhala ku Denver n'kuzimiririka m'mabuku onse cha m'nthawi yomweyo. Msinkhu unkagwirizana, nthawi inkagwirizana, malo ankagwirizana. Mu 2009 mayi uja anapezeka ali moyo ku Australia, ali gogo. Anangochoka n'kukayamba moyo wina, basi. Anthu ofatsa, amene ankagwira ntchito limodzi ndi apolisi, anaphonyabe chonchi. Nanga bwanji munthu amene waona chithunzi chimodzi pafoni usiku n'kulemba kuti "ameneyu ndi uje, ndipo wamupha ndi mwamuna wake"?

Komabe khama lawo silinapite pachabe. Chifukwa nkhaniyo inali itafalikira pa intaneti, mdzukulu wina wa m'banja lina anaiwerenga, nakumbukira zimene akuluakulu ankanena za mbale wawo amene anasowa kalekale. Analumikizana ndi Pettem, mchemwali wake wa wosowayo anapereka DNA, ndipo mu October 2009 apolisi analengeza dzina: Dorothy Gay Howard, wa zaka 18, wa ku Phoenix, Arizona. Ndiye kuti dzinalo linachokera kubanja, umboni unachokera ku labotale. Gawo la munthu wamba linali kusalola kuti nkhaniyo ife, kwa zaka ndi zaka, mpaka ifike m'makutu oyenera.

Za amene anamupha, apolisi amakayikira Harvey Glatman, yemwe ankakhala ku Denver nthawi imeneyo ndipo anapatsidwa chilango cha imfa n'kuphedwa kundende ya San Quentin mu 1959 chifukwa chopha amayi ena ku California. Sanaimbidwepo mlandu wa Dorothy, ndiye ine ndilekera pomwepo.

Ngati mukufuna kulowamo, amayi, malo abwino alipo kuposa magulu aja. Kuli Doe Network, gulu la anthu odzipereka, komanso NamUs, kaundula wa boma la America amene amasunga za anthu osowa ndi mitembo yosadziwika. Mukaona nkhani ya munthu wosowa ikufanana ndi ya mtembo wosadziwika, lemberani ofesi imene yatchulidwa pankhaniyo, osati kuponya dzina la munthu pagulu. Kumbuyo kwa dzina lililonse kuli mayi kapena mlongo amene angadzuke m'mawa n'kuwerenga kuti m'bale wake anafa, pomwe mwina ali moyo ngati gogo uja wa ku Australia.

Achibale a Dorothy sanamusamutse. Anamusiya m'manda omwe aja a ku Boulder, pakati pa anthu amene anamuika, ndipo mu 2010 anasonkhana pamenepo pamodzi ndi anthu a m'tauniyo pa mwala wolembedwa dzina lake lenileni.