Kuchoka ku Ngabu kukaona Blantyre wakale: kodi Loweruka ndi Lamulungu zikwana?

Mayi wina wa ku Ngabu, yemwe ndi mphunzitsi, watilembera imelo. Akuti iwo ndi bambo akunyumba akufuna kutenga ana awo awiri kukaona nyumba zakale ndi zojambulajambula mu mzinda wa Blantyre, poti mwana wamkuluyo amakonda kujambula. Mpata ali nawo kumapeto kwa sabata kokha. Akufunsa ngati masiku awiri angakwane, koyambira ndi kuti, komanso ngati angawonjezerepo Zomba.

Mayi, masiku awiri akwana, koma pokhapokha mukagone ku Blantyre Lachisanu. Ulendo wonsewu wagona pa Loweruka m'mawa. Mashopu ndi maofesi ambiri m'tauni amatseka Loweruka masana, ndipo Lamulungu kumakhala zii. Mukanyamuka ku Ngabu Loweruka mbandakucha, minibasi idzaima pa Nchalo kudikira kuti idzaze, idzaimanso pa Dyeratu, kenako pa rodibuloko ya pa Thabwa, ndipo mukamatsika pafupi ndi msika wa Blantyre dzuwa lidzakhala lili pamutu, ana atatopa kale. Mtunda ndi wa makilomita pafupifupi 100 okha, koma pa minibasi muwerengere maola atatu. Choncho mukaweruka Lachisanu, kwerani isanakwane 2 koloko kuti phiri la pa Thabwa mulikwere kukuwala.

Za Zomba zichotseni. Ndi makilomita ena oposa 60 kuchokera ku Blantyre, ndipo mukaziphatikiza mudzangoona misewu.

Phiri la pa Thabwa lija musalipeputse ngati ana sanalizolowere. Makona ake amachititsa nseru, ndiye asadye zamafuta ulendo usanayambe, akhale mipando ya kutsogolo kapena pawindo, ndipo majumbo awiri akhale pafupi. Ngati mwapeza galimoto yanuyanu, onani madzi a mu rediyeta injini isanatenthe, chifukwa galimoto zambiri zimene mumaziona zitatsegula boneti pamtunda paja vuto lake ndi lomweli. Pobwerera, woyendetsa atsike ndi giya yaying'ono. Kupondereza mabuleki kuchokera pamwamba mpaka pansi kumawatenthetsa, ndipo akatentha sagwira. Ziphaso za unzika zikhale m'chikwama cha m'manja. Tengani majuzi ngakhale kuno kukutentha: Blantyre ali pamtunda wa mamita oposa 1,000, pamene ife kuno ku chigwa cha Shire tili pa mamita pafupifupi 100 okha. Mu June ndi July, chiperoni chikagwa, mwana wa kuchigwa amanjenjemera masana enieni.

Pogona sankhani m'tauni kapena chakufupi ndi Ginnery Corner, osati ku Limbe, kuti m'mawa musataye nthawi ndi ndalama pa maminibasi. Imbani foni sabata ikadali pakati, mufunse ngati chipinda chili ndi neti komanso ngati madzi akutuluka.

Loweruka yambani ndi Mandala House, nthawi ya 9 koloko mukhale mwafika. Nyumbayi inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, imene ankaiyendetsa John Moir ndi m'bale wake Frederick, ndipo imadziwika kuti ndiyo nyumba yakale kwambiri ya mtundu wake imene ikadaimabe m'dziko muno. Ndi yosanja, ya khonde lozungulira. Pansi pamakhala zojambula ndi ziboliboli za amisiri a ku Malawi, zoonetsa komanso zogulitsa, ndipo apa ndi pamene mwana wanu wokonda kujambulayo adzapindule kwambiri. Musamuthamangitse. Asankhe zithunzi zitatu zokha, aime pafupi aone mmene utoto anaupakira, kenako abwerere m'mbuyo masitepe anayi aonenso. Atenge kope ndi pensulo, chifukwa kujambula ntchito za eni ake ndi foni kumafuna chilolezo, pamene kukopera m'kope palibe amene amakuletsa. Kumwamba kuli laibulale ya Society of Malawi, bungwe limene linayamba mu 1946, yosunga mabuku, mapu ndi zithunzi zakale. Simatsegulidwa nthawi zonse, ndiye funsiranitu pafoni.

Pali chimene anthu a kuchigwa ambiri sachidziwa akamaona nyumbayi, ndipo ndicho tikufuna ana anu akachimve. Katundu wa kampani imeneyi ankadzera kwathu kuno. Sitima zapamadzi zinkakwera Shire mpaka kwa Katunga ku Chikwawa, poti kumtunda kwake mathithi a Kapichira salola chombo kudutsa. Kuchokera apo akatundu ankasenzedwa pamutu ndi amtengatenga kukwera phiri lomwe lija mwalikwera pa minibasi. David Livingstone naye anadzera njira yomweyi mu 1859, nafika kwa Chibisa, ndipo ena mwa Amakololo amene anabwera naye anatsala kuno n'kukhala mafumu: maina a Kasisi, Maseya ndi Katunga mukuwadziwa. Blantyre anakulira pakamwa pa njira ya kuchigwa. Mwana akamva zimenezi, nyumba ija saionanso ngati ya eni ake.

Pofika 11 koloko kwerani minibasi yopita ku Limbe mutsike pa Chichiri, kumene kuli nyumba yosungira zinthu zakale ya boma, yotsegulidwa mu 1966. Pakhomo pamakhala kolipira, ndipo tengani ndalama zing'onozing'ono m'manja. Musadalire Airtel Money kapena Mpamba pa chilichonse, netiweki ikavuta mudzaima panja. Yambirani panja pomwepo, pali injini ya sitima yoyendera nthunzi ndi makina ena akale. Njanji yoyamba m'dziko muno inayambira ku Nsanje, pamenepo kukutchedwa Port Herald, kudzera ku Chiromo, n'kufika ku Blantyre mu 1908, choncho ana a ku Ngabu ali ndi chonena pa injini imeneyi. M'kati muli zida zachitsulo, mbiya, zoimbira, ndalama zakale, za malonda a ukapolo ndi zigoba za Gule Wamkulu. Zigobazo ndizo luso lenileni la m'nyumbayi: auzeni ana aone mmene mmisiri anasemera pakamwa ndi m'maso, ndi zimene anagwiritsa ntchito popanga tsitsi. Pemphani wogwira ntchito pamenepo akuyendetseni, chifukwa zolembedwa pa zinthu zambiri ndi zazifupi, ndipo nokha mudzatuluka pakangotha mphindi makumi awiri. Ola limodzi ndi theka ndi lokwanira.

Tinene mosabisa: nyumbayi ndi yaying'ono, ndipo si nyumba ya zojambula ngati zimene mumaziona pa intaneti za ku Paris kapena Florence. Amene akufuna zigoba zambirimbiri ndi zosema zapamwamba apite ku KuNgoni, ku Mua m'boma la Dedza, ndipo zojambula pamiyala za makolo zili ku Chongoni, komwe bungwe la UNESCO linakuika pa mndandanda wake wa malo ofunika kusungidwa pa dziko lonse mu 2006. Umenewo ndi ulendo wa holide yaitali.

Nkhomaliro idyani pa Chichiri pomwepo, malo odyera ndi ambiri. Masana bwererani m'tauni muyende wapansi mu Victoria Avenue, muone holo yakale ya tauni ya mu 1903. Siitenga nthawi. Chakufupi komweko ndi kumene kumakhala ogulitsa ziboliboli ndi zithunzi, ndipo apa mpofunika maso. Chosema chakuda bii sikuti nthawi zonse ndi phingo. China ndi mtengo wamba wopakidwa polishi wa nsapato. Phingo amalemera kuposa mmene akuonekera, ndipo mukapukuta kunsi kwake ndi kansalu konyowa sasiya chakuda. Tembenuzani chosemacho muone ngati chili ndi ming'alu kapena timabowo totuluka ufa, chizindikiro chakuti m'kati muli tizilombo. Mtengo wosauma bwino ukafika ku Ngabu mu October umang'aluka ndi kutentha, ndiye chimene chikumveka chinyontho m'manja chisiyeni. Chithunzi cha pansalu chikulungeni utoto uli kunja, osati m'kati, kuti usathetheke, ndipo kunyumba musachipachike pa khoma loombedwa ndi dzuwa. Mtengo woyamba kutchulidwa ndi woyambira kukambirana, koma ngati mukugula kwa amene anajambula yekha, musamufinye kwambiri.

Tchalitchi cha St Michael and All Angels, ku mishoni ya CCAP pa msewu wa ku Chileka, chisungireni Lamulungu m'mawa, kaya ndinu a mpingo umenewu kaya ayi. Mishoniyi inayamba mu 1876 pa malo a mfumu Kapeni, amene anawasankha Henry Henderson motsogozedwa ndi Tom Bokwito, ndipo dzina la Blantyre analitenga ku mudzi umene Livingstone anabadwira ku Scotland. Tchalitchicho chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Amene anatsogolera ntchitoyi, m'busa David Clement Scott, sanaphunzire za zomangamanga, ndipo omangawo anali anthu a komweko amene ankaphunzira ntchito ikuyenda. Njerwa zonse zinaumbidwa ndi kuwotchedwa pamalopo, m'zikombole zosema pamtengo, za maonekedwe okwana ngati 81. Ankayamba ayala njerwa popanda matope kuti aone ngati zikukhala, kenako n'kumanga. Kwa ife, ichi ndicho chinthu chokongola kwambiri pa ulendo wonsewu, kuposa chithunzi chilichonse chimene mudzaone Loweruka. Chizungulireni chonse kunja musanalowe. Ana ayerekeze nsanja ziwiri za kutsogolo, apeza kuti sizofanana, kenako ayese kuwerenga mitundu ya njerwa pa khomo limodzi lokha. Dzuwa la m'mawa ndilo limaonetsa bwino mizere ya njerwazo kwa wofuna kujambula. Ndi malo opempherera, choncho valani monga mwa kutchalitchi, ndipo m'kati musatulutse foni musanapemphe kwa akuluampingo.

Pa ndalama, werengerani magawo asanu: ulendo wopita ndi wobwerera wa anthu anayi, chipinda masiku awiri, chakudya, maminibasi a m'tauni osachepera maulendo asanu aliyense, ndi zolipira pakhomo. Ya ulendo wobwerera muikulunge payokha musaikhudze, ndipo muwonjezerepo pang'ono, chifukwa mafuta akasowa makondakitala amakweza mtengo tsiku lomwelo. Ana awiri ndi zikwama musawakweze kabaza mu msewu wa Masauko Chipembere.

Miyezi yabwino ndi kuyambira May mpaka September. Kuyambira January mpaka March mvula ikhoza kudula msewu wa M1 kuno kuchigwa, monga zinachitikira ndi namondwe wa Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, ndipo mphunzitsi amene akufunika m'kalasi Lolemba asayese mwayi. Lamulungu mukhale pa siteji isanakwane 1 koloko masana. Maminibasi a tsikuli amachedwa kudzaza, ndipo mufunse kondakitala ngati ikufika ku Ngabu kapena ikathera pa Nchalo musanamupatse ndalama.