Yankho kwa azakhali: kodi ntchito ya makatuni ingadyetse mwana?

Azakhali, mwaswera bwanji ku Chipata? Uthenga wanu ndaumva, ndiye ndati ndiyankhe pagulu pompano kuti amalume nawonso amve. Mwafunsa kuti msuweni wangayu, poti akuti akamaliza giredi 12 akufuna kukhala pulodyusa wa makatuni, kodi imeneyo ndi ntchito yodyetsa munthu kapena ndi masewera a ana. Ndi ntchito ndithu, ndipo ine ndikupempha kuti musamukanize.

Choyamba, pulodyusa si amene amajambula ayi. Ojambula alipo, olemba nkhani alipo, oika mawu alipo. Iye amagwira ndalama, nthawi ndi anthu. Mukudziwa mmene mumachitira inu pakakhala ukwati kumudzi. Mumadziwa kuti ufa ndi matumba angati, nkhuni zibwera liti, ndani aphike ndiwo, ndi alendo ati amene sanadye. Anthu amaonerera mkwatibwi, koma inu mutachokapo zonse zingabalalike. Ntchito yake ndi imeneyo.

Taganizani, mu filimu sekondi imodzi yokha ndi zithunzi 24. Ndiye ya ola ndi theka ndi zithunzi zoposa 129,000, ndipo zonsezo zimachita kupangidwa. Amayamba ndi nkhani, kenako amaijambula mwachidule pa timapepala, tizithunzi ta pensulo tondondozana, n'kumaonera ngati nkhaniyo ikumveka. Mawu amawajambuliratu, kuti milomo ya katuni idzatsatire mawuwo. Akatero m'pamene amayamba kuyendetsa zithunzi pa kompyuta, kuika mitundu ndi kuwala. Apa ndiye pamene pulodyusa amaonekera nzeru zake. Kusintha nkhani ikadali pa timapepala n'kotchipa, mumangong'amba n'kujambula kena. Koma kuisintha anthu atakhalira kale miyezi pa kompyuta, ndalama zimapita ngati madzi. Ndiye pamafunika munthu wolimba mtima wouza ngakhale akuluakulu kuti ayi, apa tatseka, tiyeni patsogolo. Ndipo awauze mwaulemu, kuti mawa abwerenso ku ntchito ndi mtima wabwino.

Mwanenanso kuti mwina ndi za amuna. Ayi. Toy Story, imene inatuluka mu 1995, filimu yaitali yoyamba kupangidwa yonse pa kompyuta, mmodzi mwa mapulodyusa ake anali mayi, Bonnie Arnold. Mayi wina, pulodyusa Darla K. Anderson, anagwira ntchito zaka 25 ku Pixar, kampani imene inapanga Toy Story, ndipo mu 2018 analandira Oscar, mphoto yaikulu ya mafilimu.

Koma amene ndikufuna mumumve bwino ndi wa kuno kwathu ku Zambia, Malenga Mulendema. Mu 2015 kampani yopanga makatuni ya Triggerfish ya ku Cape Town inaitanitsa nkhani kuchokera mu Africa monse, ndipo iye anali mmodzi mwa anthu 8 amene anasankhidwa. Nkhani yake inali ya atsikana anayi a sukulu a mu Lusaka amene amapulumutsa mzinda. Netflix inalengeza mu 2019 kuti yaitenga, ndipo inadzatuluka mu Julaye 2023, dzina lake Supa Team 4. Iye ndiye mwini nkhani, alinso m'gulu la mapulodyusa ake, ndipo amene analemba zigawo zake anali akazi okhaokha a mu Africa muno. Ana athu kuona Lusaka mu katuni, atsikana a tsitsi ngati lawo, zimenezo si zazing'ono.

Komano werengani zakazo. Kuchokera 2015 kufika 2023 ndi zaka 8. Apa sindikubisirani, njira yake ndi yaitali, ndipo nthawi zambiri ntchito imabwera ya kontirakiti, ikatha n'kudikira ina. Si ngati ya unesi kapena ya uphunzitsi yoti mwezi ukatha malipiro alowa. Nkhawa yanu ndikuimvetsa, ndi ya kholo. N'chifukwa chake ndikuti masamu ndi Chingelezi asazitaye, ndipo ngati angaphunzire zowerengera ndalama, aphunzire. Pulodyusa amakhalira bajeti ndi makalata tsiku lonse, ndipo luso limenelo lingamudyetse ngakhale kwina.

Za sukulu, ku Lusaka kuli ZAMCOM ndi Evelyn Hone, kulinso MultiChoice Talent Factory, imene inayamba mu 2018 kuphunzitsa achinyamata za mafilimu ndi TV. A Triggerfish ali ndi maphunziro aulere pa intaneti, chimene chimafunika ndi bandulo basi. Pulogalamu ya pa kompyuta yopangira makatuni yotchedwa Blender nayonso ndi yaulere, ndipo filimu ina ya ku Latvia yopangidwa nayo inalandira Oscar mu 2025.

Koma asadikire Lusaka. Apeze mnzake wodziwa kujambula, wina wa mawu abwino, atenge nthano imodzi ya Kalulu imene ambuya amakamba, apange ka mphindi imodzi pa foni. Msuweniyu alembe m'kope kuti uyu achita chakuti, pofika tsiku lakuti, magetsi akathima achita bwanji. Akamaliza kameneko atumize pagulu pano tione.

Madzulo ano akaweruka mumupatse foni, ndikufuna ndilankhule naye ndekha. Mupereke moni kwa onse kunyumba.