Mayi, ndalama ija musapereke, mwana wanu akadali pa rimandi

Mayi, musapereke. Musatumize ngakhale ya mayunitsi kwa bambo amene mwalemba m'gulu muno kuti akukuimbirani foni, akufuna ndalama kuti mwana wanu amuike pa mndandanda wa akaidi amene a Pulezidenti awakhululukire. Mwanena nokha kuti mwana wanu mlandu wake sunagamulidwe, akungomusunga miyezi isanu ndi iwiri tsopano. Ndiye a Pulezidenti akamukhululukira chiyani, poti khoti silinanene n'komwe kuti ndi wolakwa? Ndikulemba manja akunjenjemera chifukwa dzenje lomweli ndinagweramo ine mu 2023, ndipo ngongole yake mpaka lero sindinamalize.

Mzime wathu ankayendetsa njinga yamoto ya kabaza. Mu February chaka chimenecho ananyamula munthu usiku ali ndi TV yokulunga m'bulangete. Atakumana ndi apolisi, munthu uja anadumpha n'kulowa m'chimanga, mwana anatsala yekha ndi katundu wa eni. Sabata imodzi m'chitokosi, kenako ku ndende. Tikapita kukhoti amati doketi, faelo ya mlandu yochokera kupolisi, silinabwere. Tsiku lina wodandaula sanafike. Tsiku lina galimoto yokatenga akaidi ilibe mafuta. Amayi athu amachokera kumudzi ulendo uliwonse, kukwera minibasi ziwiri, n'kubwerera osamuona n'komwe mwana.

Tambwali amene anatidyera ndalama anatipeza panja pa khoti pomwepo, tili pansi pa mtengo. Suti yosita bwino, nsapato zopsatira, baji pachifuwa. Anawapatsa moni amayi mogwada, n'kuwatchula kuti amayi anga. Anatsegula foni n'kuyamba kutionetsa zithunzi: apa waima ndi nduna, apa ali kumbuyo kwa akuluakulu pamsonkhano. Anati ku Kamuzu Palace ali ndi munthu wake amene amalemba mndandanda wa akaidi okhululukidwa, ndipo wa pa 6 July ukulembedwa panopa. Ife tinali titangomva pawailesi nyengo ya Pasaka kuti a Chakwera akhululukira akaidi 200, mmodzi mwa iwo a Uladi Mussa amene anali nduna. Ndiye mumtima tinati ngati atuluka a milandu ikuluikulu, nanga mwana amene sanabe n'komwe?

Anatchula K400,000. Amayi anagulitsa mbuzi zitatu ndi matumba anayi a chimanga chimene tinkati tidye mpaka Disembala. Ine ndinachotsa mpamba wanga wonse wa usipa, yotsalayo ndinakatenga ku banki m'khonde. Tinapereka katatu. Kachitatu anatiitanira pa filing'i sitesheni, anawerenga ndalama ali m'galimoto, n'kundionetsa pepala lotayipa lili ndi dzina la mlongo wanga pa nambala 14. Ndinaliona ndi maso angawa. Ndinalira ndi chimwemwe pamaso pa wakubayo, ndinamugwira m'manja ndi manja awiri.

Pa 6 July tinadzuka tambala woyamba. Amayi anapha nkhuku usiku, anaphika mpunga, anaika m'bakuli n'kumanga ndi kansalu. Ananyamula malaya atsopano ndi thalauza zimene ndinagula pa kaunjika, anati mwana asatuluke ndi nsanza za m'ndende. Anavala chilundu chawo cha ku Mvano. Kunali kuzizira kwa July kuja, chifunga chili thoo, ife tili pageti ndi anthu ena ambiri. Tinakhala mpaka dzuwa kufika paliwombo, osatuluka munthu. Anatiuza kuti mayina akabwera atulutsa, mwina mawa. Tinagona pakhonde la sitolo ina pafupi, amayi atafungatira bakuli lija kuti agalu asafike.

Atayamba kutuluka, aliyense amatuluka ndi kajumbo m'manja, azibale nthungululu, ena kugubuduka pansi. Amayi anaimirira chinyomphiro, akuyang'ana nkhope iliyonse. Akaona wamtali wowonda amati uyo, kenako ayi si iye. Anatuluka womaliza, geti linatsekedwa. Ndinaimba foni ya bambo uja, yozima. Ndinaimbanso, yozima. Ndinapita kwa msilikali wa ndende amene anali pageti, bambo wachikulire wa imvi, ndinamuuza dzina, ndinati ali pa nambala 14, mwina mwamuiwala mkati. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Analowa, anabweranso. Anati: "Achemwali, m'bale wanuyu ndi wa pa rimandi. Wa pa rimandi sakhala pa mndandanda umenewu. Ndani anakuuzani zimenezi?"

Amayi anamva. Sanalire nthawi yomweyo. Anakhala pansi m'fumbi, anamasula kansalu kaja, anatsegula bakuli, mpunga utayamba kale kununkha, n'kumangouyang'ana. Kenako anafunsa kuti "Mbuzi zanga zija?" Basi mawu ake omwewo, kubwereza kangapo. Kenako anagwa chammbali. Azimayi amene amagulitsa zitumbuwa pamenepo ndi amene anandithandiza kuwathira madzi ndi kuwakupiza ndi chitenje. Kuchokera tsiku limenelo BP yawo siinatsikenso. Ndipo choŵaŵa kwambiri, tinali titamuuza kale mwana kuti konzeka ukutuluka pa 6. Anali atagawa kale bulangete lake ndi mbale yake kwa anzake a m'selo. Anagona masabata awiri opanda chofunda, mu July.

Munthu ameneyo sindidzamukhululukira. Anadziŵa kuyambira pachiyambi kuti zimene akutilonjeza sizingatheke, chifukwa funso lake loyamba pansi pa mtengo paja linali lakuti mlandu wafika pati, ndipo tinamuuza. Anaona nkhalamba yovala masilipasi oduka, n'kuidyera masuku pamutu. Ndinadzamuonanso kamodzi patali, pakhoti lomwe lija, akugwadira mayi wina. Ndinakuwa, anathawira m'galimoto. Kukadandaula ndinalephera chifukwa ndinkaopa kuti andifunsa kuti iwe ndalamazo umapereka kuti zikatani, si ziphuphu zimenezo? Amadziŵa kuti tikhala chete chifukwa cha manyazi ndi mantha, n'chifukwa chake sasiya. Sindingadabwe ngati amene akukuimbirani inuyo ali yemweyo kapena mnzake.

Amene ananditsegula maso ndi mtsikana wina wa paralegal, mwa aja amayendera ndende kuthandiza akaidi pa zamalamulo. Anandikhazika pabenchi n'kundiwerengera gawo 89 la malamulo oyendetsera dziko lino. Mphamvu yokhululuka Pulezidenti alidi nayo: angathe kumasula, kuchepetsa zaka, ngakhale kuimitsa chilango. Koma ndi ya anthu amene khoti linawapeza olakwa kale. Ndipo sachita yekha, lamulo limati afunsane ndi komiti yolangiza za chikhululuko. Mayina amayambira kundende komweko, kwa amene amawasunga, ndipo kaŵirikaŵiri amayang'ana amene agwira theka la ukaidi wawo ndi khalidwe labwino, okalamba, odwala matenda okhalitsa, amayi amene ali ndi ana aang'ono. Sikuti munthu wa suti amakalemba dzina ndi cholembera m'khonde la nyumba ya boma. Mlandu umene uli m'khoti Pulezidenti sangauthetse. Amene ali ndi mphamvu youimitsa ndi mkulu wozenga milandu ya boma, DPP, ndipo naye akatero amayenera kukafotokoza zifukwa ku komiti ya zamalamulo ya Nyumba ya Malamulo.

Ndiye inu amene mukuwalangiza mayiŵa kuti akagwade pamsewu pamene mdipiti wa galimoto za a Pulezidenti ukudutsa, kapena kuti akalire pamsonkhano, chonde lekani. Mukuwaonjezera mavuto. Ndikudziŵa kumene maganizo ameneŵa amachokera, chifukwa amayi anga ndi momwemo. Iwo anakula nthawi ya a Kamuzu, Pulezidenti wamuyaya kuyambira 1971, pamene mawu amodzi ankatsekera munthu kundende ya Mikuyu popanda mlandu, mawu amodzinso n'kumutulutsa. Kwa iwo boma ndi munthu mmodzi, akalankhula geti litseguka. Koma tinavota pa riferendamu ya 1993, malamulo atsopano anabwera mu 1994, ndipo zimenezo zinatha. Mwaiwala April 2020? A Peter Mutharika analengeza kuti tonse tikhale m'nyumba masiku 21 chifukwa cha Covid, Jaji Kenyatta Nyirenda anaimitsa, ndipo misika inapitirira. February chaka chomwecho khoti linafafaniza chisankho cha Pulezidenti cha 2019, tinakavotanso pa 23 June. A Muluzi anafuna kuchotsa malire a materemu aŵiri mu 2002, aphungu anakana. Ngati khoti lingauze mwini mpandoyo kuti ayi, mukuganiza kuti iyeyo angaimbire majisitireti n'kunena kuti tulutsa mwana wa uje? Ndipo atakhala kuti angathe, tsiku lina adzaimbanso kuti tsekera mwana wa uje. Zimenezo ine sindikuzifuna, ngakhale ndinavutika.

Komatu musamve ngati ndikumutsuka Pulezidenti, aliyense amene wakhala pampando umenewo. Mlongo wanga anakhala miyezi isanu ndi inayi pa mlandu umene unatha m'mphindi khumi. Anatuluka thupi lonse mphere, akutsokomola, miyendo itatupa chifukwa chogona chokhala, mawondo pachifuwa, mpaka kucha. Chakudya kamodzi patsiku, mgaiwa ndi nandolo. Ndani amasankha nduna yoona za ndende ndi apolisi? Ndani amasankha mkulu wa apolisi, DPP, Jaji Wamkulu, Nyumba ya Malamulo n'kungovomereza? Bajeti imene imapangitsa kuti galimoto ya akaidi isakhale ndi mafuta imachokera ku nduna zake. Iye ndiye mutu wa boma, analumbira kuti adzateteza malamulo ndi kuchitira chilungamo anthu onse. Malamulo omwewo amati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, amati ali ndi ufulu wa belo, amati mlandu uzengedwe mosachedwa. Kutulutsa akaidi pa Khrisimasi ndi pa 6 July n'kosavuta, timaombera m'manja. Ntchito yake yeniyeni ndi kuonetsetsa kuti mwana wa mayi wosauka asaiwalike m'selo chifukwa doketi lasoŵa. Pamenepo ndiye ndimamuimba mlandu, ndipo pamenepo ndi pamene tiyenera kumamufunsa akabwera kudzapempha mavoti.

Tsopano inu mayi, chitani izi mawa lomwe. Pitani kukhoti kumene mlandu uli, kwa kalaliki, mukatenge nambala ya mlandu ndi tsiku limene anaonekera komaliza. Mukatero pitani ku Legal Aid Bureau, amathandiza osauka amene sangakwanitse loya. Funsaninso kundende tsiku limene a paralegal amabwera, a bungwe lawo la PASI amayenda m'ndende zambiri. Mukawauze mawu aŵa: mwana wanga wapyola nthawi ya rimandi. Lamulo linaika malire, masiku 30 pa milandu ya kwa majisitireti, masiku 90 pa ikuluikulu monga kupha munthu, ndipo kuti aonjezere amayenera kupempha khoti. Miyezi isanu ndi iwiri yadutsa zonsezo. Funsani ngati kukubwera camp court, pamene majisitireti amapita kukazengera kundende komweko. Wathu anatulukira pamenepo mu November, pa belo, ndipo wodandaula atalephera kubwera kaŵiri mlandu unathetsedwa. Konzekeranitu abale aŵiri okhala ndi ziphaso zaunzika amene angakamuimire, makamaka amene mfumu ikuwadziŵa.

Ndati musapereke ndalama, inde, koma musapite chimanjamanja. Ndalama imene mumati mupatse bamboyo isungeni, idzafunika. Belo yathu inali ndi ndalama yolipira kukhoti, ya lisiti. Thiransipoti ya omuimira ndinalipira ine. Ndipo ndinene zoona, tsiku lina ndinagula mafuta a njinga kuti wapolisi wofufuza akapereke samani kwa wodandaula, apo ayi bwenzi tikudikirabe. Sindikunyadira, koma ndi mmene zinayendera. Phungu wa kwanu ngati mungamupeze, kamuoneni. Alibe mphamvu pa khoti, koma wathu atangoimba foni kufunsa kuti doketi lili kuti, linapezeka sabata yomweyo. Kalata yopita kwa a Pulezidenti panopa ilibe ntchito. Koma zikavuta, Mulungu aletse, akamugamula, pamenepo lembani ndithu, mudzeretse kwa mkulu wa ndendeyo, makamaka ngati chifuwa chimene mwati akudwalacho chikupitirira, ndipo mapepala a kuchipatala muwasunge onse. Wina wa kumpingo kwathu anatuluka motero atadwala kwambiri, osalipira kanthu.

Nambala ya bamboyo ndi mauthenga ake musafufute, ine ndinafufuta ndi mkwiyo ndipo ndimanong'oneza bondo. Dzina la mwana musaliike pano, atambwali ena ali m'gulu momwe muno akuŵerenga. Mukapita kukamuona musamulonjeze tsiku lotuluka, ngakhale loya atakuuzani kuti zatheka, mpaka mutaona pepala losainidwa ndi khoti. Mumutengere sopo, mankhwala a mphere ndi ufa wa phala, ndipo mumuuze kuti bulangete lake asapatse munthu.