Mukakakamira pa hard, siyani kulota, yambani kufufuta

Achimwene, ndaona funso lanu lija la sudoku loti ma levo a easy ndi medium mumawamaliza bwinobwino koma mukafika pa hard mumadzaza mwina theka kenako zii, palibe chikuyenda, nde mumangolota nambala imodzi, kutsogolo nkupeza ma 8 awiri mu mzere umodzi. Ineyo ndinakhalapo pamenepo nthawi yaitali, nde mundilole ndilembe motalikirapo.

Pa ma levo ophwekawo tinazolowera kufunsa kuti apa palowe nambala yanji. Pa hard funso limenelo limatha ntchito msanga, lomwe limatsala ndi loti kodi ndi nambala iti yomwe singalowe apa. Njira zonse za mayina akuluakulu zija ntchito yake ndi imodzi basi, kufufuta. Mumafufuta mpaka malo ena atsale ndi nambala imodzi yokha.

Kuti timvane, kamalo kolembapo nambala imodzi ndizikatchula kachipinda, tonse tilipo 81, ndipo bokosi ndi lija la tizipinda 9. Mzere wogona ndi wochokera kumanzere kupita kumanja, woima ndi wotsika.

Choyamba, popanda timanambala ting'onoting'ono ta pensulo, tosonyeza manambala omwe angalowe mu kachipinda, simupita patali. Ngati mukusewera papepala siyani bolopeni, pezani pensulo yosongoka ndi labala, pafoni yatsani ma notes. Ine ndimayamba ndi kalembedwe kotchedwa Snyder, dzina likuchokera kwa Thomas Snyder waku America yemwe anawina mpikisano wa dziko lonse wa sudoku katatu. Mumalemba kanambala pokhapokha ngati mu bokosimo kali ndi malo awiri okha. Pepala limakhala loyera, maso satopa. Zikaima mpamene ndimadzaza zonse zotheka mu tizipinda totsala. Ndipo chonde, mukangoika nambala yeniyeni fufutani kanambala kameneko mu mzere wogona, woima ndi mu bokosi nthawi yomweyo, kachipinda kalikonse kamaonana ndi tinzake 20, mukaiwala kamodzi kokha njira zonse zikubwerazi zikunamizani.

Musanathamangire zovuta yang'anani kaye izi, chifukwa ma hard ambiri amagwa ndi zomwezi. Ngati 6 angalowe mu tizipinda tiwiri kapena titatu tokha ta bokosi limodzi ndipo tonseto tili mu mzere umodzi, ndekuti 6 wa mzere umenewo ali mu bokosi lomwelo, fufutani ma 6 ena onse mu mzerewo kunja kwa bokosi. Kenako naked pair, tizipinda tiwiri ta mzere umodzi tonse tili ndi 3 ndi 7 basi, simukudziwa kuti 3 ali pati koma mukudziwa kuti awiriwa atenga malo amenewo, nde 3 ndi 7 achoke kwina konse mu mzerewo. Zimathekanso ndi atatu, ndipo apa ambiri amaphonya chifukwa amadikira kuti kachipinda kalikonse kakhale ndi manambala onse atatu. Ayi. Kena 2 ndi 5, kena 5 ndi 8, kena 2 ndi 8, imeneyo ndi triple yokwanira. Hidden pair ndi yomweyo koma yobisala, 4 ndi 9 akupezeka mu tizipinda tiwiri tokha mu bokosi lonse olo kuti tizipindato tadzaza ndi manambala ena, enawo ndi zinyalala, fufutani.

Tsono X-Wing, iyi nde inanditsegula maso. Ndinali ndi gemu ina yomwe ndinadula mu nyuzipepala, ndinayenda nayo mthumba masiku atatu, pepala mpaka kuyamba kubooka ndi labala. Usiku wina magetsi atazima ndili ndi tochi ya pafoni ndinasiya kuyang'ana manambala onse, ndinangotsata ma 5 okha, mzere ndi mzere ndi chala. Mu mzere wogona wachiwiri 5 anali ndi malo awiri okha, pa mzere woima wa 3 ndi wa 8. Kutsika mmunsi, mzere wogona wa 7 chimodzimodzi, malo awiri, pa 3 ndi pa 8 pomwepo. Makona anayi. Taganizani bwino apa, ngati kumwambako 5 ali pa 3 ndekuti kumunsi sangakhalenso pa 3, apita pa 8. Ngati kumwamba ali pa 8, kumunsi apita pa 3. Zivute zitani, mzere woima wa 3 ndi wa 8 yonse yapeza kale ma 5 ake pa makona amenewa. Ndinafufuta ma 5 ena onse mu mizere iwiri yoimayo, kachipinda kena kanatsala ndi 1 yekha, ndipo gemu yonse inangomasuka ngati thumba la chimanga lomwe ulusi wasololoka. Chofunika kusamala nchoti mu mizere yogonayo malo akhaledi awiri okha, akakhala atatu mu umodzi si X-Wing imeneyo, musakakamize. Imagwiranso mukaitembenuza, kuyambira ku mizere yoima nkufufuta mu yogona.

Swordfish ndi nzeru yomweyo koma mizere itatu kwa itatu. Sibwera pafupipafupi, musataye nayo nthawi panopa.

Yomwe ndimaikonda kwambiri ndi XY-Wing chifukwa imapezeka kawirikawiri gemu ikafika kumapeto pomwe tizipinda tambiri tatsala ndi manambala awiriawiri. Mufunika tizipinda titatu. Tinene kuti pakona yakumwamba kumanzere pali 1 ndi 2, kameneka nde kapakati. Mu mzere wogona womwewo, pa malo a 6, pali 1 ndi 3. Mu mzere woima womwewo, kutsika pa malo a 5, pali 2 ndi 3. Kapakati kakakhala 1, ka kumanja kaja kakhala 3. Kakakhala 2, ka mmunsi kaja kakhala 3. Nde kaya zitani 3 ali pa kamodzi mwa tiwiri timeneti, choncho kachipinda komwe kakuonana ndi tonse tiwiri, apa ndi pomwe mzere wogona wa 5 wakumana ndi woima wa 6, sikangakhale 3. Fufutani. Uku si kulota ayi, mwayesa mbali zonse ziwiri mmutu ndipo zonse zakupatsani yankho limodzi. Kulota nkomwe mumatenga mbali imodzi nkumapemphera.

Iliponso ina yotchedwa unique rectangle, iyi ndimaigwiritsa ntchito mosamala. Sudoku yopangidwa bwino imakhala ndi yankho limodzi lokha. Nde mukaona makona anayi ali mu mizere iwiri yogona, iwiri yoima komanso mu mabokosi awiri okha, atatu ali ndi 4 ndi 6 basi, lachinayi lili ndi 4, 6 ndi 9, lachinayilo ndi 9. Likanakhala 4 kapena 6 bwenzi manambalawo akutha kusinthana malo gemu nkukhala ndi mayankho awiri. Koma ma app ena aulere amapanga magemu mwachisawawa, pamenepo njirayi ikhoza kukugwetsani. Mu 2012 Gary McGuire wa ku University College Dublin ndi anzake anatsimikiza ndi makompyuta kuti sudoku ya yankho limodzi singayambe ndi manambala ochepera 17, nde mukapatsidwa ya 16 dziwani kuti ndi yolakwika. Koma musaganize kuti manambala akachepa ndekuti gemu ndi yovuta, ndamalizapo zina zoyamba ndi ochepa mosavuta, zina zodzaza bwino nkundisunga sabata.

Pa gemu yomwe mwakakamira panopayi, bwererani pomwe munayambira kulota, mufufute zonse za kutsogolo kwake, mudzaze timanambala tonse bwinobwino kenako mutenge nambala imodzi imodzi kuyambira 1 mpaka 9 mukuyang'ana mizere yomwe ili ndi malo awiri okha. Ikakanabe ponyani screenshot muno ma notes akuoneka, sindikupatsani yankho ayi, ndingokuuzani mzere woti muyang'ane.