Kolera yabwera koma eni dzina akufunabe royalty yawo

Sabata yatha achemwali ena a ku Area 25 anandilembera email. Shopu yawo ya nkhuku ndi tchipisi ndi ya franchise, kutanthauza kuti amagulitsa pa dzina la kampani ina, yangotha miyezi 9, ndiye mvula yayamba, nkhani za kolera zayambanso kumveka, makasitomala akuchepa koma eni dzina royalty yawo, ndalama yolipirira kugwiritsa ntchito dzinalo, akuifuna basi. Akufunsa kuti atseke kapena apirire.

Achemwali, email yanuyi itandipeza ndinayamba ndaika foni pansi kaye, chifukwa inandikumbutsa za 2020. Nthawi imeneyo ndinali ku Joni, ine ndi msuweni wanga tinasonkherana ndalama zomwe tinavutikira zaka zambiri nkugula ka franchise kakang'ono chakumapeto kwa 2019. Pa 27 March 2020 Ramaphosa anatseka dziko lonse chifukwa cha Covid-19, malo odyera onse gwa, mpaka pa 1 May pomwe analola kuti tizigulitsa kudzera mu delivery yokha. Masabata asanu osagulitsa olo kantchafu kamodzi, nkhuku zili mu freezer, magetsi akuwerenga, landilodi akuimba foni m'mawa uliwonse ngati ndife abale ake.

Chomwe ndinaphunzira mochedwa ndi chakuti royalty siimene imapha. Ija imakhala peresenti ya zomwe mwagulitsa, mukagulitsa zochepa nayonso imatsika. Chimapha ndi lendi, ngongole ya ku banki ya ma fryer aja, ndi lamulo loti zonse muzigula kwa iwo, mafuta, ufa wokutira nkhuku, ngakhale timabokosi. Mayi wogulitsa magwinya, mandasi a ku Joni, pakona pathu anangosintha tsiku limodzi nkuyamba kusoka ma mask, ife kuti tichotse zinthu zitatu pa menu tinadikira yankho la ku head office masabata awiri. Ndimanena mosabisa, franchise yomwe singakulole kusintha menu nthawi ya mliri yakugulitsa unyolo, dzinalo ndi chokometsera chabe. Ena azikwiya, akwiye.

Kumudzi kuno zinayenda mwina. Lockdown ya masiku 21 yomwe imayenera kuyamba pa 18 April 2020 khoti linaimitsa a bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC atakatenga injunction, mavenda anali atayamba kale kuchita zionetsero. Mayi anga amandiimbira kuchokera ku Ntcheu akuseka kuti iwe uli mu khola ife tikupita kumsika. Ndinapsa mtima tsiku limenelo, panopa ndimaseka. Koma kolera ya 2022 mpaka 2023 inali nkhani ina, sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegula mu January 2023, ndipo munthu amaopa kugula chakudya chilichonse chomwe sanaone pophikira pake. Apa ndi pomwe shopu ngati yanuyo ili ndi mwayi kuposa chiwaya cha pamsewu, anthu akaona ukhondo ndi maso amabwera.

Ife chinatipulumutsa ndi WhatsApp. Ma app a delivery amadya komishoni yambiri moti phindu limathera komweko, ndiye msuweni wanga anabwereka njinga yamoto, ine ndikulandira ma order pafoni. Anagwa nayo kawiri, chipsera chilipo mpaka lero, amati ndi satifiketi yake ya bizinesi.

Ndiye muchite chani?

Musatseke kaye. Tengani contract muwerenge pomwe alemba za force majeure, ndiye kuti mavuto ogwa mwadzidzidzi omwe munthu sangawaletse, kenako alembereni kalata eni dzinawo, osati kuimba foni, mupemphe kuti royalty ndi ndalama yotsatsira malonda yomwe mumawapatsa aimitse miyezi itatu ndipo akuloleni kuchepetsa menu. Landilodi mukambirane naye sabata ino musanalephere kulipira. Ndowa ya mpopi, sopo ndi madzi a klorini zikhale pakhomo pomwe aliyense aziona, saladi yaiwisi muisiye kaye, mupeze wa kabaza mmodzi wokhulupirika. Akakana zonsezi mundilemberenso, munditumizirenso ndi tsamba la contract lomwe likunena za kutuluka.