Mafunso Anu: Makina Oswa Miyala ndi Otenthetsa Madzi

Funso: Ndapanga makina ang'onoang'ono oswa miyala, aja okhala ndi nsagwada ziwiri, koma miyala imangodumphira m'mwamba osasweka. Ndalakwitsa pati?

Yankho: Nsagwadazo mwazikanula kwambiri. Ngodya ya pakati pa nsagwada yokhazikika ndi yoyenda ikhale madigiri 18 mpaka 22. Ikaposa pamenepa, nsagwada siziluma mwala, zimangoulavula. Mwala wolowa nawonso usapose 80 peresenti ya kukula kwa kamwa la makinawo.

Mano oswera akhale a chitsulo cha manganese, chifukwa chimalimbiralimbira pamene chikumenyedwa. Chitsulo wamba chimaperepeseka msanga, ndipo mano akatha mwala umaterereka ngakhale ngodya ili bwino. Chinanso chimene ambiri amalakwitsa ndi kulimbitsa toggle plate (mbale yachitsulo yochirikiza nsagwada yoyenda kumbuyo kwake) mopitirira muyeso. Imeneyi imapangidwa yofookerapo dala kuti chitsulo chikagwera m'kamwa ithyoke ndi iyoyo, shafiti ipulumuke. Ndi yotsika mtengo, choncho sungani ina yapadera.

Funso: Ndinalowetsa paipi ya kopa m'paipi yaikulu kuti madzi otentha azitenthetsa ozizira, koma akutuluka ofunda chabe.

Yankho: Onani kumene madziwo akulowera. Otentha alowere mbali iyi, ozizira alowere mbali inayo kuti aziyenda mosemphana; akamayenda molondolana, kutentha kwawo kumafanana msanga ndipo ntchito imathera panjira. Ngati poyamba zinkayenda bwino, mwina laimu (zoyera zolimba zimene madzi amasiya) wamatirira m'paipi. Tsukani ndi citric acid (asidi wopezeka m'mandimu) wosungunula m'madzi ofunda, kenako mutsukuluze.